Learnt kapena learned, mutu wanga wazungulira

Dzulo madzulo kuno ku Chilenje mwana wanga wa giredi 6 anabwera ndi homuweki atakwinya nkhope, ati aticha amuchongera cholakwa chifukwa analemba learned m'malo mwa learnt, polemba mneni wa Chizungu learn (kuphunzira) mu nthawi yapita. Ine ndinaseka chabe, chifukwa zonse ziwiri nzolondola, kungoti ku Britain amakonda learnt, spelt, burnt, dreamt pomwe ku America amati learned, spelled, burned, ndipo ife kuno ku Zambia masukulu amatsata Chizungu cha ku Britain, koma anawa tsiku lonse ali pa YouTube kumvera anthu aku America, manje mukuti asasokonezeke bwanji.

Zina ndiye zimabalalitsa zenizeni. Dive, a ku Britain amati dived, a ku America ambiri amati dove, kulembedwa ngati dzina la nkhunda pa Chizungu. Hang nayo, zovala pa chingwe ndi hung, koma munthu wonyongedwa ndi hanged.

Mwanayo anandifunsa kuti adadi nanga go imakhala bwanji went? Ndinamuuza kuti went inabwerekedwa ku mneni wina wakalekale, wend. Anangondiyang'ana, kenako ati nsima yapsa?