Frankl anapita ku Auschwitz ali nawo kale maganizo ake

Kwa milungu itatu ndakhala ndikulimbana ndi nkhani ya Viktor Frankl, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Vienna, ndipo mtima wanga wakhala pansi usiku wathawu. Za Freud ndi Adler, akatswiri ena a za maganizo a ku Vienna komweko, sindibwereza chifukwa ife ophunzira tonse tinazilemba kale pa mayeso, kupatula kukumbutsa kuti gulu la Adler linamuchotsa Frankl mu 1927.

Ine ndinkaganiza kuti logotherapy, njira ya Frankl yothandizira odwala maganizo kupeza tanthauzo la moyo wawo, inabadwira m'misasa yachibalo ya a Nazi, kuti munthuyu anazunzika ku Theresienstadt kuyambira 1942, kenako ku Auschwitz ndi kumisasa ina ya Dachau, n'kutuluka mu 1945 ali ndi chiphunzitso chatsopano. Pa chifukwa chimenechi ndinkachitenga ngati umboni wa munthu wopulumuka, wogwira mtima ndithu, koma wosathandiza pa wodi.

Dzulo ndinatembenuza kalendala yakale n'kuyamba kundandalika zaka za moyo wake kumbuyo kwake, chaka chilichonse pamzere wakewake. Ndisanafike ngakhale pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, pepala linali litadzaza theka. Cha m'ma 1930 Frankl anali atatsegula kale malo operekera uphungu waulere kwa achinyamata, makamaka pa nthawi yolandira zotsatira za kusukulu, pamene ana ena ankafika podzipha. Kuyambira 1933 mpaka 1937 ankayang'anira wodi ya amayi amene anayesapo kudzichotsera moyo pachipatala cha Steinhof. Zolemba za buku lake anazisokerera m'chikhoti, ndipo anamulanda atafika ku Auschwitz. Apa m'pamene ndinamvetsa kuti mfundo yakuti munthu amalimba akakhala ndi chinthu chomudikira, kaya ndi mwana kapena ntchito yosamaliza, anaiphunzira kwa odwala ake, ndipo msasa unangokhala malo owawa oiyesera.

Ndikukhulupirira tsopano kuti palibe mutu umene ungakane kundandalika zaka, ndipo anzanga ondiseka ndi kalendala yangayo adzandifuna mayeso akayandikira. Chondiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anatha maola awiri akutionetsa zithunzi za misasa, pamene paradoxical intention, njira youza munthu woopa kutuluka thukuta pagulu kuti ayesetse dala kutuluka thukuta lochuluka, anaidutsa m'mphindi zisanu belu litalira kale. Ife ophunzira tinkayenera kukhala pa wodi m'mamawa mwake.

Komabe pali chimene chikundivutabe. Mkazi wake Tilly anafera ku msasa wa Bergen-Belsen, amayi ake ku Auschwitz, bambo ake ku Theresienstadt, ndipo sindingayerekeze kunena kuti iwo analibe chokhalira ndi moyo. Ndikaganiza za mayi wovutika maganizo amene wagona ndi njala, sindikudziwa ngati ndidzalimba mtima kumufunsa za tanthauzo la moyo wake asanadye, kapena ngati Frankl mwiniyo akanatero.