Mapapaya anga onse anatuluka madoda

Abale anga a ku Salima kuno amene munandipatsa dipoziti ya mapapaya, chonde werengani kaye mpaka kumapeto musanandiimbirenso foni, nkhani yake ndi yaitali ndipo mukaimva mwina mundikhululukira kapena mungoseka basi, zonse ndilandira.

Zinayamba ndi papaya limodzi lomwe ndinagula pa Kamuzu Road kwa mayi wina amene anati lachokera cha ku Senga Bay. Lofiira mkati, lotsekemera moti ana anakanganirana mpaka makoko. Nthawi imeneyo nkuti nditatopa kale ndi nkhani ya ndiwo, tomato atatu akuti mulu, kamtolo ka mpiru kofota ndi dzuwa koma mtengo osatsika, ndiye ndinaimirira pakati pa nyumba nkulengeza kuti kuyambira lero banja lino siligulanso masamba kapena zipatso, kuseri kwa bafa kuja ndikupanga dimba. Madamu anangoti "chabwino bambo". Amuna anzanga mukuwadziwa mawu amenewa, munthu akamayankha choncho ndiye kuti akusunga umboni.

Malo ake ndi ochepa, komanso mchenga wokhawokha, ukathira madzi amangolowa osatsanzika. Ndinapempha manyowa a mbuzi owola bwino, ndinamanga mpanda wa bango chifukwa mbuzi za kuno anthu akangokolola zimayenda zopanda mwini ndipo zina zimatha kutsegula kachitseko ndi mphuno. Mabedi anayi, mpiru, repu, tchainizi ndi tomato. Za masambazi sinditaya nazo nthawi, mpiru unatha ndi nsabwe, tomato analowa kambozi koboola masamba ndi zipatso kaja akuti Tuta absoluta, chomwe chinachita bwino ndi bonongwe yemwe sindinadzale nkomwe. Koma ine sizinandikhudze, mtima wanga wonse unali pa mapapaya.

Njere za papaya lija ndinazitsuka kuchotsa kachikopa koterera kaja, kuziyanika pamthunzi, kufesa m'timapepala ta shuga. Pa gulupu ya WhatsApp ya za ulimi akuluakulu ena analemba kuti dzalani mbande zitatu pa phando limodzi, musiye mamita awiri kapena atatu pakati pa mapando, zikayamba maluwa muzule aamuna musiye aakazi. Pansi pake panali voisi noti yaitali yofotokoza mmene mungasiyanitsire, koma bandulo inandithera isanatseguke ndipo ndinati aaa, munthu wamkulu ngati ine, wa ana atatu, ndingalephere kusiyanitsa mwamuna ndi mkazi?

Ndinawokera ndi mvula ya Disembala, mapando asanu ndi limodzi. Koma ndiye anakula abale, papaya amakonda kutentha ndi dothi losasunga madzi, Salima ndi kwawo. Mvula itasiya maluwa anayamba, ndipo zinaonekeratu kuti pali mitundu iwiri. Mitengo ina inali ndi kaduwa kamodzikamodzi konenepa, kongokakamira pathunthu pomwe pachokera tsamba, kopanda chikoka chilichonse. Ina eee, maluwa ambirimbiri ang'onoang'ono pa timapesi tatitali tolendewera, madzulo kununkhira mpaka pa msewu. Ndinaima pamenepo manja m'chiuno nkuganiza bwinobwino. Wovala ndolo ndani? Wodzola perefyumu ndani? Komanso maluwa akachuluka si ndiye kuti zipatso zichuluka? Ndinatenga khasu nkuzula onse a kaduwa kamodzi aja, mmodzimmodzi, nkuponya kunja kwa mpanda, mbuzi za eni zinachita phwando tsiku limenelo.

Kenaka mzimu wa bizinesi unandilowa. Ndinawerenga maluwa a mtengo umodzi, kutaimusa ndi sikisi, kutaimusanso ndi mtengo wa papaya pa Kamuzu Road, kakyuleta ya pafoni inatulutsa nambala yoti ndinayamba kufunsa mitengo ya njinga zamoto za kabaza. Pikicha pa sitetasi, "mapapaya ofiira a Senga Bay akubwera, ikani oda msanga". Anzanga a kuntchito anapereka, amayi a kutchalitchi anapereka, ngakhale alandilodi anati muzingochotsera pa lendi. Ndalama ija inalowa mu bajeti ya nyumba nkusowa mmene zimasowera ndalama.

Ntchito ndinaigwira, pamenepo musandinamizire. Mmawa uliwonse pa mjigo ndi makheni awiri, pamzere ndi azimayi, iwo nkumandifunsa ngati madamu akudwala. Mwera utayamba kuwomba kuchokera kunyanja mu Juni ndinaikira mtengo uliwonse mphanda kuti usagwe. Maluwa aja amayoyoka, ena nkutuluka, kuyoyokanso, pansi mbee! Ine ndimvekere ndi mphepoyi, ikasiya zigwira.

Mu Ogasiti kunabwera apongozi aakazi kuchokera ku Khombedza. Iwowa ndi achikale enieni, mkamwini salankhula naye maso ndi maso, tikakumana pa khomo wina amapatuka, uthenga umadzera kwa mwana. Atapuma anapita kuseri kukaona dimba lotchukalo atagwira dzanja mdzukulu wawo wamng'ono, ine ndili chapatali ndikunamizira kukonza mpanda, kudikira kuyamikiridwa. Anayang'ana mtengo woyamba, wachiwiri, mpaka wachisanu ndi chimodzi. Kenaka anawerama kwa mwana uja koma mawu okweza oti amveke mpaka kwa aneba.

"Iwe, kawafunse abambo ako. Asilikali awawa akulondera chiyani kuno?"

Mwana anabweradi kudzandifunsa. Ndisanayankhe anapitiriza, "Uwauzenso kuti onsewa ndi madoda. Aakazi anawapititsa kuti?"

Kukhitchini ndinamva mthiko ukugwa, kenaka madamu kuseka kuja kopanda mawu, kongomveka mpweya. Anatuluka misozi ili mbwee, "bambo, paja munati nyumba ino sigulanso zipatso eti?" Umboni uja unatuluka.

Usiku ndinaimbira alamu anga amene anaphunzira za ulimi, nawonso anayamba aseka kaye mayunitsi anga akutha. Akuti papaya alipo wa mitundu itatu. Wamkazi ndi wa duwa lonenepa lokakamira pathunthu uja, ndiye amabereka koma amafuna mungu wochokera kwina. Wamwamuna ndi wa maluwa olendewera, ntchito yake ndi mungu basi, ndipo mmodzi amakwanira aakazi khumi. Wachitatu amakhala ndi zonse ziwiri pa duwa limodzi, amabereka yekha, zipatso zake zimakhala zazitali. Njere za papaya limodzi zimatha kutulutsa mitundu yosiyana, nchifukwa chake amati dzalani zitatu. "Ndiye alamu mwasunga angati aamunawo?" Ndinadula foni.

Mmawa uthenga unabweranso kudzera kwa mwana, akuti agogo akuti mankhwala ake alipo. Mutenge chitsononkho mumangirire pathunthu ndi kansalu ka chitenje cha mkazi, mukhome msomali mmunsi, mtengo umachita manyazi nkusanduka waukazi. Koma muchite kusanache, ndipo musalankhule ndi munthu mpaka mutamaliza. Alamu nditawafunsa pa meseji anayankha kuti zimenezo nzabodza. Koma alamuwo sanadye dipoziti ya amayi a kutchalitchi, ndinadya ndine.

Ndiye tangoganizani. Cha m'ma 3 koloko usiku, kutentha kwa kuno kutayamba kale moti ndinatuluka ndi kabudula yekha, m'manja hamala, misomali ili pakamwa, zitsononkho m'jumbo, tinsalu tofiira tili paphewa. Kho! kho! kho! Ndili pa mtengo wachinayi tochi inandiwala kumaso. Anyamata a nebahudu.

"Madala, mukutani apa?"

Ine zii. Paja anati osalankhula, ndipo kwatsala mitengo iwiri yokha. Ndinangowakweza dzanja kuti dikirani, nkupitiriza kukhoma. Mmodzi anabwerera mmbuyo, "aise, awa akukhwima awa, taona nsalu zofiirazo", wina wayamba kale kuimba wezulo. Mphindi zochepa anthu anadzadza, agalu kuuwa, alandilodi ndi chibonga, ena akuti nchifukwa chake mitengoyi imanunkhira usiku wokhawokha, wina akuti mwana wake wakhala akulota zoopsa kuyambira pomwe ndinasamukira m'derali. Mboni yanga yokhayo inali apongozi. Anatulukadi, koma atangoona mkamwini ali chifuwa pamtunda ndi kabudula wogonera, anafunda chitenje kumutu nkubwerera m'nyumba osanena kanthu. Mwambo ndi mwambo. Anandipulumutsa ndi madamu, ndipo anafotokoza zonse kuyambira pa voisi noti, pamaso pa anthu omwe theka lawo linali makasitomala anga. Anthu anabalalika akugwa ndi phwete, a nebahudu anati ndiwagulireko ya tiyi chifukwa chowadzidzimutsa.

Zitsononkho zija zilipobe, mitengo sinachite manyazi ngakhale pang'ono.

Tsono chondipweteka kwambiri nchakuti kuseri kwa mpanda wanga kuli mayi ena, aneba, ali ndi mitengo iwiri ya papaya yomwe zaka zonsezi imangotulutsa timaluwa nkuyoyoka, mwina kubereka tiwiri tokwinyika. Chaka chino yabereka kuchokera mmunsi mpaka kumutu, mpaka aikira mphanda. Alamu akuti ndi agulugufe ausiku aja, amatsata fungo la maluwa anga nkutenga mungu kuwolokera nawo mpanda. Kutanthauza kuti madzi onse ndinasenza pa mjigo aja, manyowa, misomali, kutchedwa mfiti, ndimalerera amuna oti azikabereka kwa aneba. Mu Novembala mayiwa anaika tebulo pa geti pawo, ndipo oyamba kugula anali amayi a kutchalitchi omwe aja, akudutsa pakhomo panga papaya ali m'manja, "moni bambo a dimba".

Tsiku lina ndinatenga chikwanje kuti ndingothana nawo madodawa ndidzalepo chinangwa. Ndisanateme ndinamva mawu pa mpanda, "achimwene, achimwene, pepani tayimani kaye, tikambirane". Ndinati ehee. Tinakhala pansi, madamu ngati mboni, ndinawauza mosabisa kuti ngakhale tonde wobwereka amalipiridwa, awa ndi asanu ndi mmodzi ndipo amamwa madzi tsiku ndi tsiku. Tinagwirizana papaya awiri pa sabata. Sabata yoyamba anabweretsa abwino. Yachiwiri anabweretsa ojomphedwa ndi apumbwa, akuti ndiye otsekemera kwambiri, mbalame sizinama. Yachitatu zii.

Panopa ndinapeza njira. Loweruka likafika papaya osaoneka, ndimatenga mpando, mwala ndi chikwanje, nkukhala pafupi ndi mpanda nkuyamba kunola pang'onopang'ono, kwee, kwee, kwinaku ndikuimba mluzu. Sipatha mphindi khumi mwana wawo amakhala wafika ndi mbale, "akuti amayi anaiwala".