Zipata zofiira za ku Fushimi Inari

Amene munaonapo zithunzi za ku Japan za zipata zofiira zondondozana mpaka osaona pothera, malo ake ndi Fushimi Inari, kachisi wa chipembedzo cha Shinto ku Kyoto. Kuchoka pa Kyoto Station pa sitima ya JR Nara Line ndi mphindi 5 zokha, ukangotsika pa siteshoni ya Inari chipata chachikulu chili pompo, polowa ndi ulere ndipo satseka ngakhale usiku.

Kachisiyu ndi wakale zedi, wa mu 711, mwini wake ndi Inari, mulungu wa mpunga, koma ambiri masiku ano amadzapempha kuti geni iziyenda. Nde chimene chinandigwira mtima ndi ichi, zipata zija amati torii, zilipo pafupifupi 10,000 m'njira zokwera phiri limene lili kuseri kwa kachisiyu ndipo chilichonse pali munthu kapena kampani imene inalipira. Pokwera umangoona kufiira basi koma ukangocheuka kuseri kwake kuli zilembo zakuda, dzina la wopereka ndi tsiku lake, phiri lonse mayina okhaokha abale. Chipata chikakula ndiye kuti ndalamanso zinachuluka.

Usanapemphere umayamba wasamba m'manja, kutunga madzi ndi kachikho ka mpini wautali, dzanja lamanzere kaye kenako lamanja, kuthira pang'ono m'dzanja nkuchukucha mkamwa, osati kumwera pachikhopo ayi. Pempherolo silikwana ndi mineti yomwe, munthu aponya kakobiri m'bokosi, kugwedeza chingwe cha belu, kuwerama kawiri, kuomba m'manja kawiri, kachetechete pang'ono, kuweramanso kamodzi basi wapita. Kulibe wolalikira kulibe kwaya. Ine poti ndine wa mpingo ndinangoima pambali kumaonerera, koma kuomba m'manja kuja kunandikumbutsa mmene timachitira pamaso pa amfumu kumudzi. Ndipo poyenda amati uzidzera m'mbali, pakati panjira ndi pa milungu.

Paliponse pali ziboliboli za nkhandwe zovala kansalu kofiira m'khosi, zina zaluma kiyi wa nkhokwe ya mpunga. Si Inari amene, ndi atumiki ake chabe.

Phirilo ndi mamita 233 okha koma masitepe ake mawondo amadandaula. Ambiri amathera pa Yotsutsuji, mphambano ya chapakati pa phirilo, pomwe umaona Kyoto yense pansi, kujambula nkubwerera, koma kumtunda ndi kumene kuli bata. Madzi gulani pansi, mtengo umakwera limodzi ndi phiri kkkk.