Dzino limodzi lokha la tcheni

Njinga yanga yamoto, ya 150cc, inayamba ndi kaphokoso. Ndikailiza m'mawa, kumutu kwa injini kunkamveka wayawaya ngati wina akugwedeza makiyi, koma ikatentha kankachepa. Ndinakanyozera. Tsiku lina ndikukwera chitunda inangotsamwa, mphamvu n'kuthera pomwepo. Kuyambira tsikulo inkalira movutikira, kabureta n'kumayetsemula.

Masiku awiri ndinalimbana ndi zinthu zosalakwa. Pulagi ndinasintha, kabureta ndinatsuka kawiri konse. Moto unalipo, mafuta amafika, ndiye chinatsala ndi taimingi basi, kutanthauza nthawi yomwe mavavu olowetsa ndi kutulutsa mpweya amatseguka ndi kutseka mogwirizana ndi pisitoni.

Ndinadikira injini izizire, n'kuchotsa pulagi kuti izizungulira mopepuka. Pachivundikiro cha kumanzere pali tizitseko tiwiri: kapakati n'kolowetsapo sipanala yozungulitsira injini, kapamwamba n'kosuzumirapo. Ukamapukusa pang'onopang'ono, pa maginito, gudumu lozungulira limodzi ndi injini, pamadutsa zilembo ziwiri. Choyamba ndi F, pomwe pulagi imatulutsa moto, kenako T, pomwe pisitoni yafika pamwamba penipeni. Ndinaimitsa pa T, n'kutsegula chivundikiro cha giya ya camshaft, chitsulo chozungulira chimene chimatsegula mavavu.

Apa ndinatsala pang'ono kudzipusitsa. Chizindikiro cha pagiya chinali chozondoka, ine mtima phaa, kuganiza kuti zasokonekeratu. Chonsecho camshaft imazungulira kamodzi pomwe injini yazungulira kawiri, motero T amabwera kawiri. Wofunika ndi uja amafika mavavu onse awiri atatseka, ma rocker okankha mavavuwo ukawagwedeza ndi chala akumasewera pang'ono. Nditapukusanso kamodzi, timizere ta pagiya tinayenera kulingana ndi m'mphepete mwa mutu wa injini. Tanga tinali titapendekeka. Tcheni cha mkati mwa injini, chozungulitsa giya ya camshaft, chinali chitalumpha dzino limodzi, mavavu n'kumatseka mochedwa, n'chifukwa chake mpweya umabwerera ku kabureta.

Tcheni sichilumpha pachabe. Nditamasula tensioner, kachipangizo kokungira tcheni, ndinapeza kamtengo kake kokankha tcheni kataumira mkati, sipuling'i yatha mphamvu. Kaphokoso kaja kanali ka tcheni chokhwepa, chikudandaula ine osamva. Nachonso chinali chitatanuka, moti ukachikoka pagiya chimanyamuka mano n'kuonekera. Kungochibwezera pamalo n'kukanakhala kudzinamiza.

Kusintha tcheni kunafuna kuzula maginito ndi puller. Osayesa nyundo, mudzalira. Ndili pomwepo ndinayang'ananso kakiyi kakang'ono kooneka ngati mwezi wa theka, kamene kamagwira maginito pa crankshaft, chitsulo chachikulu chozungulitsidwa ndi pisitoni. Kakadyeka, moto umabwera nthawi yolakwika, ndipo ngakhale T amanama. Kanga kanali bwinobwino.

Pomanga giya yapamwamba ndinatseka dzenje la tcheni ndi kansanza, chifukwa bawuti ikagwera m'menemo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse. Tcheni ndinachikoleka ndi waya kuti chisatsetserekere pansi. T pamalo pake, timizere tayang'anizana, tensioner yatsopano n'kumanga.

Ndisanaganize zoliza, ndinazungulitsa injini ndi dzanja kawiri kathunthu. Ikakana penapake osaikakamiza, ndiye kuti pisitoni yakumana ndi vavu, ndipo vavu ikapindika mwayambanso nkhani ina. Yanga inadutsa mosalala, zizindikiro n'kubwerera pomwe ndinaziika. Ndinayezanso mpata wa mavavu ndi feeler gauge potsatira muyezo wa m'buku la njingayo, poti injini iliyonse ili ndi wake.

Inalira pa kiki yachiwiri. Ndinaisiya ikulira yokha kwa mphindi zingapo, khutu nditatchera kumutu kwa injini, koma kumeneko kunali zii.