Mzere wa mazira m'hotela yapamwamba

Chipinda chodyera cha hotela iyi chimakulanda mtima ukangolowa. Denga lalitali, nyali zagalasi zolendewera, kauntala ya mwala wa mabo yonyezimira kuchoka kukhoma ili mpaka kukhoma lina. Koma itangokwana 8 koloko m'mawa, nthawi imene alendo amatsika onse pamodzi kudzadya, kukongola konseko kunathera pakona imodzi.

Pakonapo anaunjikapo zinthu zitatu: wokazinga mazira, tosita ndi makina a khofi. Zonsezi n'zochedwetsa. Omeleti imodzi imatenga mphindi ziwiri kapena zitatu, buledi amafunika kumudikira, ndipo makina aja amathira kapu imodziimodzi. Mizere itatu inasakanikirana n'kukhala chipwirikiti, moti ofuna zipatso basi analibe podutsa. Choipitsitsa, chitseko cha kukhitchini chinali pomwepo. Mnyamata woperekera zakudya anatulukira atanyamula chiwaya chotentha ndi manja onse awiri, nthunzi ili tolotolo, n'kuima pakati pa anthu akupempha njira koma palibe womumva. Kamwana kanamudutsa m'miyendo. Iye anangokweza chiwayacho m'mwamba n'kuuma nji mpaka kamwanako katadutsa. Mnyamatayo sanalakwe, ngakhalenso alendowo. Analakwa ndi amene anajambula pulani.

Buffet ya masiku ano, malo amene alendo amadzigawira okha chakudya, siiyenera kukhala mzere umodzi. Imagawidwa m'zigawo zoima pazokha: zotentha apa, zozizira apo, buledi ndi makeke kwina, zakumwa kutali ndithu, makamaka pafupi ndi matebulo poti anthu amabwererako kangapo. Chigawo chilichonse chikhale ndi mbale zake, kuti wofuna zipatso asakayambire kutsogolo. Masupuni, mafoloko ndi mipeni zikhale patebulo, chifukwa dzanja limodzi lagwira mbale, linalo likugawa. Kauntala ikhale yotalika masentimita 90 kuchoka pansi, ndipo patsogolo pake patsale mpata wa mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo, wokwanira munthu amene akudzigawira ndi wina wodutsa kumbuyo kwake. Njinga ya munthu waulumali imafunanso masentimita 150 kuti itembenuke. Chakudya chowonjezera chizilowera kumbuyo kwa kauntala, mbale zakuda zizitulukira khomo lina.

Mwala wa mabo uja nawo unandiwawitsa mtima. Ndi wokongola, inde, koma sugwirizana ndi zowawasa. Madzi a mandimu kapena viniga akadonthera, pamatsala banga lotuwa losachoka ndi nsalu, ndipo pachigawo cha saladi mabangawa anali mbwee. Quartz, mwala wopangidwa kufakitale, siopa zowawasa koma imaopa moto, popeza guluu womata timiyala take amapsa n'kusintha mtundu. Pachigawo cha zotentha pamafunika mwala wa granite kapena porcelain (dothi lootcha lolimba). Mwala wa mabo ukanapita pakhoma kapena kumaso kwa kauntala, kumene diso limaona koma supuni siifikako.

Chimene ojambula pulani anachita bwino ndi zotenthetsera. M'malo mwa ziwiya zoyatsa kamoto pansi, anabisa induction, mbaula zamagetsi zotenthetsa mphika pogwiritsa ntchito maginito, kunsi kwa mwala, ndiye palibe lawi, palibe fungo la mafuta oyatsira. Zimangofuna miphika imene maginito amakakamira kunsi kwake. Chakudya chotentha chizikhala pamwamba pa madigiri 60 a Celsius, chozizira pansi pa madigiri 5. Pakati pa ziwirizi ndi pamene tizilombo timaswana. N'chifukwa chake ndinadabwa kuona kuti mpweya wozizira wochokera kudenga ukuwomba ndendende pa chigawo cha zotentha. Wa zamagetsi ndi wokonza chipinda sanakhalirane pansi. Zoterezi zimachitikanso poboola kauntala: ziwaya za m'mahotela zili ndi muyezo wodziwika wa Gastronorm, chachikulu cha 1/1 ndi mamilimita 530 m'litali ndi 325 m'lifupi, ndipo bowo likaphonya pang'ono, nthunzi imathawira m'mbali.

Nyali zolendewera zija zimaunikira chipinda, osati chakudya. Pamwamba pa kauntala pamafunika mababu akeake, a kuwala kofiirira pang'ono (2700K mpaka 3000K pa muyezo wa mtundu wa kuwala), okhala ndi CRI, muyezo wa mmene nyali imaonetsera mitundu yeniyeni ya zinthu, yoposa 90. Ikatsika, nyama imaoneka yotuwa ndipo masamba amakhala ngati agona. Babu liloze m'mbale chotsika kuchokera pamwamba, lisamenye galasi lotchinga chakudya n'kuthobwa mlendo m'maso.

Nanga phokosolo! Pansi matailosi, m'mbali magalasi, kudenga pulasitala wosalala. Supuni ikagwa uko, chipinda chonse chamva. Sindimvetsa chifukwa chake ndalama zambiri chonchi zimathera pa zonyezimira pamene zomeza phokoso zimaiwalika. Matailosi osaterera ndi oyenera mozungulira buffet, pomwe pamatayika msuzi ndi mafuta. Kumatebulo kumafunika kapeti, makatani okhuthala, mipando yovekedwa nsalu ndi siling'i yomeza mawu. Munthu wayenda ulendo wautali, wagona mochedwa, amafuna kumva mnzake akulankhula popanda kukuwa.

Mukafika m'hotela yotere, tsikani isanakwane 7:30 kapena funsani polandirira alendo nthawi imene anthu amachepa. Musanatenge mbale, zungulirani kaye chipinda chonse muone zimene zilipo. Itanitsani mazira poyamba, muzikatenga zina akupsa. Pokhala sankhani tebulo la m'mbali mwa khoma lokhala ndi mpando wa nsalu, kutali ndi chitseko cha kukhitchini ndi makina a khofi, ndipo musanakhale kwezani maso kudenga muone kumene mpweya wozizira ukutulukira.