X-ray si ya mafupa okha

Dzulo ndinaperekeza malume kuchipatala kukajambulitsa bondo. Adokotala atakweza chithunzi chija powala, ine ndinangoti kukamwa yasa: mafupa oyera mbee pamdima wa bii, ngati wina walemba ndi choko pabolodi. Malume amvekere, "Iwe mphwanga, ine ndikumva ululu, iwe ukuti kukongola?"

Komatu anzanga, nkhaniyi ndi yakale. Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray ku Germany mu 1895, anajambula dzanja la mkazi wake, mafupa okhaokha, mphete ili pachala.

Koma yondigwira mtima ine ndi ya ku Edinburgh mu 2022. Akatswiri a National Galleries of Scotland, nyumba zosungiramo zithunzi zaluso ku Scotland, anaunika ndi X-ray chithunzi cha mayi wakumudzi chimene Vincent van Gogh, katswiri wotchuka wojambula ndi utoto wa ku Netherlands, anajambula. Kuseri kwake, pansi pa guluu ndi katoni, kunabisala nkhope ya Van Gogh mwini wake, atavala chipewa, khutu lakumanzere, limene anadzalidula yekha pambuyo pake, lidakalipo! Chinamuulula ndi utoto woyera wokhala ndi mtovu, poti mtovu umatchinga kuwala kwa X-ray monga limachitira fupa.

Chithunzi cha bondo chija ndachipempha, ndikufuna ndichiike mufulemu. Malume akukana.