Zikomo kwa nonse, ndiponso kwa malemu a Jesse Brown amene anatsegula njira

Abale ndi alongo, amayi ndi abambo, kuno ku America ndi kumudzi komwe,

Ambiri mwamva kale kuti mwana wathu wachisamba wamaliza maphunziro oyendetsa ndege za asilikali apanyanja a dziko lino, ndipo amuveka baji ya mapiko agolide pachifuwa ku Meridian, m'chigawo cha Mississippi. Mauthenga anu a mafuno abwino pa WhatsApp ndi pa Facebook atichulukira moti kuyankha mmodzimmodzi kwatikanika. Ndiye ndati ndilembe pano kuti aliyense amve. Ine ndi bambo ake tikuti zikomo kwambiri, Chauta akubwezereni pomwe mwachotsa.

Ndiyambe ndi inu Amalawi anzathu a ku South Bend. Paja amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ife mawuwa tinawaona ndi maso. Nthawi imene ine ndinkagwira ntchito usiku, bambo ake ali kusukulu, mnyamatayu ankagona m'nyumba zanu, kudya nsima yanu, ndipo akalakwa munkamudzudzula osadikira kuti ndibwere. Amayi a kutchalitchi, mwagwada naye m'mapemphero kuyambira tsiku limene ananyamuka ulendo wa ku Pensacola kukayamba maphunzirowa. Agogo ake ku Dedza, amene mpaka lero mumafunsa ngati ndegezo zili ndi mabuleki, uthenga wanu unafika ndipo mdzukulu wanu anagwetsa misozi ataumva. Amalume ake ndi azakhali ake, zikomo. Tikuthokozanso aphunzitsi ake a masamu a kusekondale, alangizi amene ankakwera naye ndege atakhala pampando wakumbuyo moyo wawo uli m'manja mwa wophunzira, komanso amakaniko okonza ndegezo. Amakanikowa pamwambo palibe amene amawaombera m'manja, koma nati imodzi ikangomasuka mlengalenga, mwana wa munthu sabwerera.

Pali munthu wina amene sangawerenge mawuwa, koma ngongole yathu kwa iye ndi yaikulu, ndipo mundilole nditalikitseko pang'ono. Dzina lake ndi Jesse LeRoy Brown, munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro amene mwana wathu wamalizawa.

Ine dzinali ndinalimva kwa mwana wanga. Pa nthawi ina maphunziro anamulemera kwambiri, akulankhula zosiya, ndipo mlangizi wina anamuuza kuti Loweruka likafika akwere galimoto apite ku Hattiesburg, ulendo wa ola limodzi ndi theka kuchokera ku Meridian, akaone kumene a Brown anachokera. Anapitadi. Atabwerako nkhani yosiya sitinaimvenso. Mwambo wa mapiko utatha anatitengera ifenso komweko, kunyumba yosungiramo mbiri ya asilikali akuda, African American Military History Museum, kuti tikaone tokha.

A Brown anabadwira ku Hattiesburg pa 13 Okutobala 1926. Bambo awo ntchito itawathera m'zaka za mavuto a zachuma, banja linasamukira kudera la Lux kukalima thonje m'munda wa mwini wake, zofanana ndi matenanti a m'maesiteti a fodya kwathu: thukuta ndi lanu, koma pogawana zokolola mwini munda ndiye amagwira pensulo. Mayi awo anali atakhalapo mphunzitsi, ndipo nkhani ya sukulu sankanyengerera. Jesse ali ndi zaka 6, bambo ake anamutenga kukaonerera chionetsero cha ndege, ndipo kuyambira pamenepo mtima wake unali kumwamba. Ankagulitsa nyuzipepala ya anthu akuda ya Pittsburgh Courier, n'kumawerengamo za anthu akuda ochepa amene anaphunzira kuulutsa ndege. Mu 1937, ali kamnyamata, analembera kalata Pulezidenti Franklin Roosevelt kufunsa chifukwa chimene anthu akuda sankaloledwa kuyendetsa ndege zankhondo. Taganizani, mwana wa tenanti ku Mississippi ya masiku amenewo, kumene munthu wakuda ankatha kuphedwa chifukwa chongoyankha mzungu mokweza mawu, kutenga pepala n'kumufunsa mtsogoleri wa dziko funso lotere.

Anamaliza sekondale ya Eureka mu 1944 ali wachiwiri m'kalasi, n'kupita ku yunivesite ya Ohio State kukaphunzira za mapulani a nyumba. Wowalipirira panalibe. Masana anali m'kalasi, madzulo mpaka pakati pa usiku akupakira katundu m'mabogi a sitima yapamtunda ya Pennsylvania Railroad. Ife amene tinabwera kuno n'kumaphunzira uku tikugwira maganyu awiri tikudziwa kutopa kwake, kuja kogona ukuwerenga buku lili pankhope. Mu 1946 analowa usilikali wapanyanja kuti apeze mwayi wophunzira ndege. Anadutsa ku Glenview, ku Ottumwa, kenako ku Pensacola, ndipo konseko anali wakuda yekhayekha pakati pa anzake. Kunyozedwa kunalipo, ndipo ena ankangodikira kuti alakwitse kamodzi kapena akwiye n'kubwezera, apezerepo chifukwa chomuchotsera. Sanawapatse mpata umenewo. Ena angautche mantha, koma ine ndikuona mphamvu yosowa: kumeza mawu owawa m'mawa, masana n'kukwera ndege mutu uli m'malo.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi nkhani ya banja lawo. Lamulo linkaletsa ophunzira ndege kukwatira asanamalize, ndipo wopezeka ankachotsedwa. Komabe mu Okutobala 1947 a Brown anamanga banja mwachinsinsi ndi Daisy Pearl Nix, chibwenzi chawo cha kusekondale. Munthu wosamala chonchija, amene ankayenda ngati akuwerenga mapazi ake, pa chinthu chimodzi ichi analolera kuika pachiswe zonse zimene anavutikira. Pa 21 Okutobala 1948 analandira mapiko awo ku Jacksonville, Florida, munthu wakuda woyamba kumaliza maphunziro a ndege a asilikali apanyanja a America. Panali patangotha miyezi itatu Pulezidenti Harry Truman atalamula kuti tsankho lithe m'magulu a asilikali, lamulo limene papepala linali lophweka koma m'mitima ya anthu linatenga zaka. Mu Disembala chaka chomwecho mwana wawo wamkazi anabadwa.

Anawatumiza ku gulu la Fighter Squadron 32 pa sitima yonyamula ndege ya USS Leyte. Mwana wanga anandifotokozera mmene kutera pasitima kumakhalira: bwalo ndi lalifupi, likuyenda, likugwedezeka ndi mafunde, ndipo ndege imaima pokhapokha ngowe ya kumchira ikakola waya wopingasa. Ndege ya Corsair imene a Brown ankayendetsa inali ndi mphuno yaitali yotchinga kutsogolo potera, ndipo inapha achinyamata ambiri nkhondo asanaione n'komwe. Iwo anaizolowera, mpaka anapatsidwa udindo wotsogolera anzawo mlengalenga. Mnzawo wouluka pambali pawo anali Thomas Hudner, mzungu wa m'banja lopeza bwino la ku Fall River, Massachusetts. Paudindo a Hudner anali wamkulu, koma pa luso louluka a Brown anali patsogolo, choncho a Hudner ndiwo ankatsatira.

Nkhondo ya ku Korea itayamba mu 1950, Leyte inafika kumeneko mu Okutobala. A Brown anauluka maulendo 20 a nkhondo. Kumapeto kwa Novembala asilikali a China anazinga asilikali a America m'mapiri ozungulira damu la Chosin, kumene usiku kunkazizira mpaka madigiri 30 kunsi kwa ziro. Ndege zinkauluka chapansipansi kuti ziteteze anzawo apansiwo pamene ankafunafuna njira yotulukira kunyanja. Pa 4 Disembala ndege zisanu ndi imodzi zinanyamuka pa Leyte. Chipolopolo chochokera pansi chinaboola paipi ya ndege ya a Brown, mafuta n'kuyamba kutayika, injini n'kufa. Anakaigwetsera pambali pa phiri, m'chipale chofewa, mkati mwenimweni mwa dera la adani. Ndegeyo inapindika n'kuwapana mwendo. Anzawo akuzungulira pamwamba ankayesa kuti afa, kenaka anaona dzanja likugwedezeka.

Apa ndi pamene a Hudner anachita chinthu chimene palibe anawatuma. Ataona utsi ukufuka, anazindikira kuti helikopita isanafike mnzawo akhoza kupsa. Anagwetsa dala ndege yawo yabwinobwino pafupi pomwepo, akudziwa kuti akhoza kufa, kugwidwa, kapena kukaimbidwa mlandu wowononga ndege ya boma. Anavulala msana, koma anadzikoka m'chipalemo mpaka kufika. Anapeza manja a a Brown atauma ndi kuzizira. Anawaveka chipewa chawo, kuwakulunga manja ndi mpango, n'kumatapa chipale ndi manja kuthira pomwe pankafuka utsi. Anakoka, osatheka. Helikopita inafika ndi woiyendetsa, Charles Ward, atanyamula nkhwangwa ndi chozimitsira moto. Awiriwa analimbana ndi chitsulocho kwa mphindi pafupifupi 45, nkhwangwa ikungodumpha. A Hudner ankanena m'zaka za pambuyo pake kuti chimene sanachiiwale ndi kudekha kwa a Brown: osalira, osadandaula, munthu amene akufa n'kukhala wolimbitsa mtima amene abwera kudzamupulumutsa. Mawu awo omaliza anali opempha kuti akauze Daisy kuti amamukonda. Mdima unayamba kugwa, ndipo helikopitayo sinkatha kuuluka usiku. A Brown anali atakomoka. A Hudner anachoka atalonjeza kuti abweranso. A Brown anali ndi zaka 24.

Kubwererako kunakanika chifukwa akuluakulu anaopa kuti adani abisalira. Patapita masiku ochepa ndege za pa Leyte zinapita kukaponya mabomba amoto pamalopo kuti thupi ndi ndege zisagwe m'manja mwa adani, wina akunena Pemphero la Ambuye pa wailesi. Maliro ake anali amenewo. Kwa ife amene timasonkha ndalama usiku ndi usana kuti thupi la m'bale wathu likwere ndege likagone kumudzi, nkhani imeneyi imalasa pamtima. Mayi Daisy, mtsikana wamasiye ali ndi mwana wa zaka ziwiri, analibe manda oti akaikepo nkhata.

Mu Epulo 1951 Pulezidenti Truman anaveka a Hudner mendulo yapamwamba kuposa zonse, Medal of Honor, mayi Daisy ataimirira pomwepo. A Brown anapatsidwa mendulo ya Distinguished Flying Cross atamwalira kale. Anthu akamakamba nkhaniyi amathamangira kwa a Hudner, ndipo n'zoona, ulemu ukuwayenera. Koma ine ndimafunsa kuti kodi anali munthu wotani amene mnzake anagwetsera ndege chifukwa cha iye, m'chaka chimene awiriwa sakanaloledwa kudyera tebulo limodzi mu lesitilanti ya ku Hattiesburg? Anzawo a pa Leyte anasonkha madola 2,700 a sukulu ya mwana uja. Anthu a ku Fall River anapatsa a Hudner madola 1,000, iwo n'kuwapereka kwa mayi Daisy kuti apite kukoleji, ndipo mayiwa anadzakhala mphunzitsi. Mu 1973 sitima yankhondo ya USS Jesse L. Brown inayamba ntchito, mayi Daisy, mwana wawo ndi a Hudner alipo pamwambowo. Ndipo mu Julayi 2013, ali ndi zaka 88, a Hudner anapita ku Pyongyang, likulu la North Korea, kukayesa kukwaniritsa lonjezo lija, koma mvula yamphamvu inawononga misewu ya ku Chosin. Anamwalira mu Novembala 2017. Mafupa a a Brown akadali m'mapiri a North Korea, poti nkhondo ija inangoimitsidwa mu 1953, pangano la mtendere silinasainidwe mpaka lero.

Musaone ngati ndikuyamikira nkhondo. Ku Korea kunafa anthu mamiliyoni, ambiri mwa iwo anthu wamba, ndipo anyamata a China amene anauma ndi chisanu m'mapiri omwewo nawonso anali ndi amayi awo. Ndine mayi, ndipo chiyambire kumva nkhaniyi mantha anga sanachepe, awonjezeka. Mwana wanga ali pafupifupi msinkhu womwewo umene a Brown anafera. Ndinamufunsa kuti, “Iwe, zonsezi wazimva, ukufunabe ntchito imeneyi?” Anandiyankha kuti, “Amayi, ine palibe anandifunsa ngati munthu wa khungu langa angathe kuulutsa ndege. Funso limenelo anayankha kale ndi a Brown. Langa linali la masamu ndi kulimbikira basi.” N'chifukwa chake ndikuthokoza. Mwana wa Mchewa wa ku Dedza anafika pakhomo n'kupeza ndi potsegula, ndipo ife makolo ake sitinkadziwa n'komwe amene analipira mtengo wake.

Kwa a kubanja la a Brown ndi la a Hudner, ngati mawuwa angadzakupezeni kudzera mwa wina womva Chichewa, landirani kuthokoza kwathu. Kwa ogwira ntchito kunyumba ya mbiri ija ku Hattiesburg, munatilandira bwino ndipo munayankha mafunso athu moleza mtima. Kwa makolo ndi akazi amasiye amene ana ndi amuna anu ananyamuka pasitima osabwerera, ena mwa inu mumabwerabe kumiyambo ya mapiko kudzasangalala ndi ana a eni. Mtima wotero ine sindikudziwa ngati ndikanakhala nawo, ndipo ndikukugwadirani.

Mwana wathu sanamalize kuphunzira. Tsopano akupita kugulu lina kukazolowera ndege imene azikagwira nayo ntchito, kenaka adzakwera sitima kwa miyezi yambiri. Chonde musatope kumupempherera, iye ndi anzake onse. Pa 4 Disembala madzulo tidzakhala ndi mapemphero kunyumba kwathu, othokoza komanso okumbukira a Brown. A ku South Bend nonse mwaitanidwa, ndipo mubwere ndi ana, makamaka a kusekondale, chifukwa mwana wathuyo walonjeza kuti akapatsidwa mpata adzalankhula nawo pa foni ya vidiyo ndi kuyankha mafunso awo. A kumudzi, zithunzi za mwambo tatumiza kwa amalume ake kuti akaonetse agogo.

Zikomo kwambiri, ndine mayi ake a mnyamatayo.